Kuwoletsa Mapesi ndi Zitsononkho Pogwiritsa Ntchito Mafangayi: Kabuku ka Mabanja a ku Mpingwe ndi Madera Ozungulira Limbe

Mabanja ambiri okhala m'tsinde mwa phiri la Mpingwe, ku Bangwe, ku Namiyango ndi m'madera ena ozungulira Limbe amalima chimanga pa timinda ta kuseri kwa nyumba, m'mapoloti omwe eni ake sanamangepo ndiponso m'malo otsetsereka a m'mbali mwa phiri, ndipo akakolola mu Epulo kapena Meyi amatsala ndi mapesi, makoko ndi zitsononkho zomwe kawirikawiri zimathera pa moto. Kumudzi zotsalira zoterezi zimadyedwa ndi ng'ombe ndi mbuzi kapena kuwojekeredwa m'mizere, koma m'tauni ziweto zazikulu n'zochepa, malo ndi opanikizika, ndipo mulu wa mapesi wongokhala pakhomo umaitana makoswe ndi madandaulo a anthu oyandikana nawo. Choncho kutentha kumaoneka ngati njira yachidule, ngakhale kuti moto umauluza pafupifupi nayitirojeni yense amene anali m'mapesimo, yemwe ndi mchere wobiriwitsa ndi kukulitsa chimanga, pamodzi ndi salufa wambiri. Potaziyamu ndi fosiforasi amatsala m'phulusa, koma pa malo otsetsereka phulusalo limaululika ndi mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo lotsala limakokoloka ndi mvula yoyamba n'kukathera m'ngalande ndi m'mitsinje.

Kutaya kotereku kunali kopiririka pamene feteleza anali wofikirika. Dziko la Malawi limagula pafupifupi feteleza wake yense kunja, kotero pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thumba unakwera mpaka mabanja ambiri a m'tauni, omwe amagula pa mtengo wa pamsika, anayamba kuthira feteleza wochepa kapena kuleka kumene. Kabuku kano kakufotokoza mmene banja lingasandutsire zotsalira za m'munda kukhala manyowa m'miyezi itatu ya chilimwe, makamaka posamalira zamoyo zomwe zimagwira ntchito yovuta kwambiri pa kuwolako, zomwe ndi mafangayi.

Chifukwa chake mapesi amachedwa kuwola

Mafangayi ndi gulu la zamoyo lomwe muli bowa wodyedwa ndi wosadyedwa, nkhungu yomera pa nsima yogonetsa, chuku chogwira chimanga ndi mtedza wosauma bwino, komanso yisiti wotupitsira mandasi ndi buledi. Zamoyozi sizipanga chakudya chawo kuchokera ku dzuwa ngati zomera, ndipo zilibe pakamwa. Zimakula ngati ulusi wopyapyala kwambiri womwe umaboola n'kulowa m'kati mwa chinthu chomwe zikudya, n'kumatulutsa timadzi totchedwa maenzaimu tomwe timasungunula chinthucho kuti ulusiwo uthe kuyamwa. Bowa amene amaoneka pamtunda ndi chipatso chabe, pamene thupi lenileni ndi ulusi woyera uja wopezeka pansi pa masamba owola kapena m'kati mwa chipika chofumbwa. Mbewu zake ndi tinjere tosaoneka ndi maso tomwe timauluka ngati fumbi, ndipo timapezeka paliponse pamene pali dothi ndi zomera.

Phesi la chimanga linapangidwa makamaka ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi selulozi, yemwe ndi ulusi wa chomera ndipo ndiye wochuluka. Chachiwiri ndi hemiselulozi, yemwe amawola msanga poyerekeza ndi mnzakeyo. Chachitatu ndi liginini, chinthu cholimba chomwe chimamatirira ndi kukuta ziwiri zinazo, chomwenso chimachititsa kuti phesi liime chilili ndipo chitsononkho chikhale chaka chathunthu m'munda osasintha. Mabakiteriya, omwe ndi tizilombo ting'onoting'ono kwambiri topezeka m'ndowe ndi m'dothi, amathamangira zinthu zofewa monga masamba aawisi ndi makoko a nthochi, koma liginini amawakanika. Amene amatha kumuphwanya bwino ndi mafangayi, makamaka gulu lomwe limasiya mtengo utayera ndi kufewa likaudya, momwe muli bowa wa oyisitala amene amalimidwa m'nyumba. N'chifukwa chake banja limene limaunjika mapesi okha popanda kuganizira zofuna za mafangayi limapeza mu Novembala mulu womwe uja, utangoda pang'ono kunja.

Vuto lachiwiri ndi la chakudya. M'mapesi ouma muli kaboni wochuluka, yemwe ndi gwero la mphamvu ya tizilombo towoletsa, koma nayitirojeni, yemwe tizilomboto timamangira matupi awo, ndi wochepa: pa magawo 60 aliwonse a kaboni pamakhala pafupifupi gawo limodzi lokha la nayitirojeni, pamene kuwola kumayenda bwino pakakhala gawo limodzi pa magawo 25 mpaka 30. Kuperewera kumeneku ndiko kumafotokoza chinthu chomwe alimi ambiri anachionapo, chakuti chimanga chobzalidwa pa mizere yowojekera mapesi mochedwa chimamera chachikasu, pakuti tizilombo towoletsa timalanda nayitirojeni wa m'nthaka kuti tithe kudya mapesiwo, ndipo mbewu imatsala ndi njala kwa masabata angapo oyambirira, nthawi yomwe imafunikira chakudya kwambiri. Kuwoletsera mapesi pa mulu, kunja kwa munda, kumachititsa kuti kulandana kumeneku kuthe mbewu isanalowe m'nthaka.

Zomwe chiswe chimachita m'chulu

Kuwoletsa zotsalira za zomera ndi mafangayi si luso lobwera ndi sayansi ya masiku ano, pakuti kumachitika m'chulu chilichonse cha chiswe chachikulu, chija chimatulutsa ngumbi mvula ikayamba. Chiswe choterechi pachokha sichingathe kugaya bwino udzu wouma ndi mapesi omwe chimatuta, kotero chimatafuna zinthuzo n'kuziumba ngati zisa m'zipinda za pansi pa chulu, ndipo pa zisazo chimalimapo fangayi ya mtundu wa Termitomyces, yomwe imafewetsa zinthuzo mpaka kukhala chakudya cha chiswe. Bowa wa utale, nyonzwe ndi manda, amene amagulitsidwa m'misika ndi m'mbali mwa misewu m'nyengo ya dzinja, ndi zipatso za mafangayi a mtundu umenewu, ndipo Brian Morris anaufotokoza pamodzi ndi bowa wina wa m'dziko muno m'buku lake la Common Mushrooms of Malawi la m'chaka cha 1987.

Fangayi ya m'chuluyi singasamutsidwe kupita pa mulu wa manyowa, chifukwa m'chilengedwe simakula popanda chiswe, ndipo kugumula chulu pofuna zisa zake n'kuwononga chabe. Chofunika kutengera ndi mmene chiswe chimasamalira munda wakewo: chimaduladula zinthu zisanaperekedwe kwa fangayi, chimasunga chinyezi ngakhale mu Okutobala pamene kunja kwauma gwa, chimasiya timipata todutsa mpweya, ndipo chimaonetsetsa kuti m'zipindamo mukhale mofunda koma mosatentha. Zinthu zinayi zimenezi, pamodzi ndi nayitirojeni wokwanira, ndizo zonse zomwe mulu wa pakhomo umafuna, ndipo malangizo otsatirawa ndi njira zongozikwaniritsira.

Kumene banja lingapeze mafangayi

Gwero loyamba, lomwe ndi laulere ndipo limakwanira pa mabanja ambiri, ndi zinyalala zowola za pansi pa mitengo. Pansi pa mango, mapeyala, nthochi kapena nsungwi, pamene masamba akhala osasesedwa kwa nthawi yaitali, munthu akafukula pamwamba amapeza masamba akuda omatana ndi ulusi woyera, onunkhira ngati nthaka yonyowa ndi mvula yoyamba, ndipo ndowa imodzi kapena ziwiri za zimenezi ndi mbewu yokwanira mulu umodzi. Manyowa akale a pa dzala kapena otsala pa mulu wa chaka chatha amagwiranso ntchito yomweyi. Zinyalalazi ziyenera kutengedwa pakhomo kapena kwa mnansi wovomera, osati m'phiri, pakuti mapiri a mu Blantyre monga Mpingwe, Bangwe, Soche ndi Ndirande anatha kale mitengo yambiri, ndipo pamene pali mitengo yobzalidwa kumene masamba ake ogwa ndiwo chitetezo chokha chomwe nthaka ya pamenepo ili nacho. Banja lofuna kuchulukitsa mbewuyi lingathe kusakaniza ndowa imodzi ya zinyalalazo ndi theka la ndowa ya madeya, kuwaza madzi pang'ono kuti zingonyowa osati kudontha, n'kuziyala pa mthunzi zitafunditsidwa masamba a nthochi kwa masiku asanu kapena asanu ndi awiri mpaka ulusi woyera utafalikira. Ngati m'malo mwa ulusi woyera pamera nkhungu yachikasu chobiriwira kapena yakuda bii, zosakanizazo zalowa chuku ndipo ziyenera kukwiriridwa m'dzenje, osaperekedwa kwa nkhuku kapena nkhumba.

Gwero lachiwiri ndi zotsalira za ulimi wa bowa wa oyisitala, ndipo pa njira zonse iyi ndi yomwe imapindulitsa kawiri. Bowayu, amene dzina lake la sayansi ndi Pleurotus, wakhala akufufuzidwa ndi kuphunzitsidwa kwa alimi ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe, omwe ali pafupi ndi Limbe pa msewu wa ku Thyolo, ku Bunda ku Lilongwe ndi ku sukulu ya ukachenjede yomwe inkatchedwa Chancellor College ku Zomba, ndipo amamera bwino pa mapesi, zitsononkho ndi masamba ouma a nthochi. Mlimi amadula mapesi, kuwaviika usiku wonse, kuwakhetsa madzi, kuwaphika ndi nthunzi mu mgolo kwa maola angapo kuti nkhungu zina zife, ndipo akazizira amawasakaniza ndi mbewu ya bowa m'matumba apulasitiki omwe amaikidwa m'chipinda cha mdima kwa masabata atatu kapena anayi mpaka thumba lonse litayera. Akakolola bowa katatu kapena kanayi, zomwe zimatsala m'thumba ndi mapesi ofewa, odyeka kale ndi fangayi yophwanya liginini, ndipo ulusi wake umakhala ukadali wamoyo. Alimi ambiri a bowa amataya zotsalirazi ngati zinyalala, zomwe n'zomvetsa chisoni, pakuti matumba asanu kapena khumi otere atafumbutulidwa n'kusakanizidwa mu mulu amafulumizitsa kuwola kwa zitsononkho.

Gwero lachitatu ndi mafangayi ogula, makamaka a mtundu wa Trichoderma, nkhungu yobiriwira yomwe imakhala m'dothi ndipo imatulutsa maenzaimu ambiri ophwanya selulozi. Mphamvu yake inadziwika bwino pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene mtundu wina wa nkhunguyi unapezeka ukuwoletsa matenti ndi zovala za thonje za asilikali ku zilumba za Solomon. Ku Philippines, Virginia Cuevas wa pa yunivesite ya ku Los Baños anakonza njira yowoletsera mapesi a mpunga mwachangu pogwiritsa ntchito Trichoderma harzianum, momwe kilogalamu imodzi ya mbewu ya nkhunguyi imathiridwa pa makilogalamu 100 a zinthu zowoletsa, ndipo nthawi yodikira imatsika kuchoka pa miyezi itatu kufika pa mwezi umodzi kapena kuchepera. Ku India nako, kumene utsi wa mapesi a mpunga otenthedwa umaphimba mzinda wa Delhi chaka ndi chaka, bungwe la kafukufuku wa zaulimi la Indian Agricultural Research Institute linatulutsa mankhwala a mafangayi osakaniza otchedwa Pusa Decomposer, omwe anayamba kupoperedwa m'minda ya ku Delhi m'chaka cha 2020. Komabe banja la ku Mpingwe lisaone ngati manyowa abwino adikira paketi ya m'sitolo. Mankhwala oterewa ndi amoyo, amafa akakhalitsa kapena akasungidwa pa dzuwa, saonjezera mchere uliwonse mu mulu, ndipo pa mapesi ouma opanda nayitirojeni sachita kanthu. Wogula ayenera kuona tsiku lothera mphamvu ndi kutsata malangizo a pa paketi, ndipo amene amalimanso bowa asayandikize Trichoderma ku nyumba ya bowa, chifukwa nkhungu yomweyi ndiyo mdani wamkulu wa bowa wa oyisitala.

Kumanga mulu

Nthawi yabwino yoyambira ndi Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, kukolola kukangotha, pamene deliya wa m'mbali mwa misewu ndi mitsinje akadali wobiriwira, nandolo akadali ndi masamba, ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, mvula yamawawa ija imagwa m'madera okwera a Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, chikubwera kudzathandiza kusunga chinyezi. Banja lodikira mpaka Seputembala limapeza masamba aawisi atasowa, ndipo mulu umafuna madzi ambiri a pampopi olipira pa nthawi yomwe madziwo amavuta. Malo ake akhale a mthunzi, osadikha madzi, otalikirana ndi chitsime ndi khoma la nyumba, ndipo pa malo otsetsereka pasalazidwe kaye kuti mulu usagumuke.

Ntchito yotopetsa kwambiri, yomwenso anthu amakonda kuilumpha, ndi yodula. Mapesi ayenera kudulidwa ndi chikwanje pa chipika m'zidutswa za masentimita 5 mpaka 10, ndipo zitsononkho ziphwanyidwe mu mtondo kapena pozimenya zili m'thumba, chifukwa khungu la phesi ndi losalala ndi lokana madzi, kotero ulusi wa mafangayi umalowera kumapeto kodulidwa ndi m'ming'alu. Kudulaku kumaphanso mbozi za kapuchi zomwe zimabisala m'mapesi ouma kudikira mvula. Zodulazo ziviikidwe usiku wonse mu mgolo kapena m'dzenje loyalamo pulasitiki, pakuti madzi ongowaza pamwamba pa mapesi ouma amangodutsa osalowa. Madzi otsukuluzira zovala ndi otsukira ndiwo angagwiritsidwe ntchito, koma osati omwe muli sopo wambiri kapena mankhwala oyeretsera okhala ndi kulorini.

Mulu ukhale wa mita imodzi ndi theka m'litali ndi m'lifupi, ndi kutalika kofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, chifukwa mulu wochepera pamenepa sutentha ndipo umauma msanga, pamene wokulirapo umasowa mpweya pakati. Pansi payalidwe mapesi osadula kapena timitengo ta nandolo kuti mpweya uzilowera kunsi, kenako zinthu ziikidwe m'magawo osinthanasinthana motsata muyezo uwu: pa ndowa zinayi kapena zisanu za mapesi oviika, paikidwe ndowa ziwiri za masamba aawisi ndi theka la ndowa ya zitosi za nkhuku, kenako dothi lapamwamba lowaza mopyapyala. Masamba aawisi angakhale a deliya, gilisidiya, nandolo, masangwi a mtedza ndi nyemba, udzu wosakhwima njere, kapena zotsalira za kabichi ndi ndiwo zina zomwe zimachuluka mu msika wa Limbe, zomwe zikapanda kutengedwa zimakangowonjezera mulu wa kudzala la mzinda ku Mzedi. Zitosi zimapezeka kwa oweta nkhuku za nyama ndi za mazira omwe ali ambiri m'makomboni ndi m'mayadi momwe, ndipo pamene palibe zitosi kapena ndowe, masamba aawisi achulukitsidwe mpaka kufanana ndi mapesi. Nsima yotsala, mafupa, mafuta, mabatire ndi mapulasitiki zisalowemo, ndipo kaufiti amene wabereka kale njere atenthedwe payekha.

Pa nkhani ya phulusa pafunika kusiyana pang'ono ndi chizolowezi. Anthu ambiri amathira phulusa lambiri pa gawo lililonse, koma mafangayi amakonda malo owawasira pang'ono, pamene phulusa limachotsa kuwawasako, ndipo likakumana ndi zitosi limauluza nayitirojeni ngati mpweya wa amoniya, uja umalasa m'mphuno m'khola la nkhuku. Ndi bwino kusunga phulusa pouma n'kudzalisakaniza manyowa akapsa, pamene potaziyamu wake adzapindulitsa popanda kutayitsa kanthu.

Mulu ukatha ufunditsidwe masamba a nthochi, udzu kapena masaka akale. Amene akuvutika madzi angatsate njira ya chimato, yomwe alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri, momwe mulu umamatidwa ndi matope n'kusiya bowo pamwamba pochotsa mtengo womwe unazikidwa pakati. Njirayi imasunga chinyezi bwino, koma pafunikanso timabowo ta m'munsi, chifukwa mafangayi sakhala popanda mpweya.

Kutentha, kutembenuza ndi nthawi yothira mbewu ya mafangayi

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa mulu wowoletsedwa ndi mafangayi ndi mulu wamba. Pakapita masiku awiri kapena atatu, mabakiteriya omwe akudya masamba ndi zitosi amatenthetsa pakati pa mulu mpaka madigiri 55 kapena 65, ndipo ndodo kapena chikwanje chozikidwa pakati kwa mphindi zingapo chimatuluka chotentha movuta kugwira. Kutenthaku n'kofunika, pakuti kumapha njere zambiri za udzu, mbozi ndi tizilombo ta matenda a mbewu, koma mafangayi ambiri, kuphatikizapo Trichoderma ndi bowa wa oyisitala, amakula bwino pa madigiri 25 mpaka 30 ndipo amafa kapena kuima kukula kutentha kukapitirira madigiri 50. Choncho mbewu ya mafangayi yothiridwa pakati pa mulu tsiku loyamba yambiri imapsa, n'kupulumuka ya m'mbali mokha. Banja lomwe lili ndi mbewu yochepa liyenera kuisunga pa mthunzi ili yonyowa mpaka moto wa mulu utatsika.

Kutembenuza koyamba kuchitike pakatha masabata awiri, ndipo za kunja zipite pakati, za pakati zibwere kunja, uku akuwaza madzi pamene pauma. Mulu umatenthanso kachiwiri koma mocheperapo. Kutembenuza kwachiwiri kuchitike pakatha masabata anayi kapena asanu, pamene ndodo ikutuluka yofunda chabe, ndipo imeneyi ndiyo nthawi yowaza zinyalala za ulusi woyera kapena zotsalira za bowa pa gawo lililonse lomwe likubwezeredwa. Kuchokera pamenepa mulu usiyidwe osautekesa kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Njira ya changu, yotembenuza pafupipafupi, ndi yabwino pa zinthu zofewa, koma pa gawo lino kutembenuza kumadula ulusi womwe ukungoyamba kulumikiza zidutswa, ndipo fangayi imataya masiku ikudzikonzanso m'malo modya. Chomwe chimafunika ndi kungoyang'anira chinyezi kamodzi pa sabata: munthu atenge za m'kati mwa mulu m'dzanja n'kufinya, ndipo zikatulutsa dontho limodzi kapena awiri pakati pa zala ndiye kuti chinyezi chili bwino, zikachucha madzi achuluka, zikamwazika potambasula dzanja mulu wauma.

Mulu womwe ukuyenda bwino umatsika mpaka theka la msinkhu wake, ndipo poufukula m'mbali pamaoneka ulusi woyera wolowa m'zidutswa za mapesi, zomwe zimafumbutuka pozitikita. Fungo la amoniya limasonyeza kuti zitosi zachuluka ndipo pafunika mapesi ena. Fungo la dzira lowola limasonyeza kuti madzi atsekereza mpweya, ndipo mulu uyenera kuphwasulidwa kuti upume. Mulu wosatentha n'komwe m'sabata yoyamba ndi wouma kapena wosowa masamba aawisi. Kutuwa konga phulusa komwe kumaoneka pakati pa mulu wotentha ndi wouma si ulusi wa mafangayi koma mtundu wina wa mabakiteriya, ndipo ndi chizindikiro chakuti pafunika madzi. Nyerere zimasonyezanso kuuma. Chiswe chikalowa chochepa sichivuta, koma mulu wouma wosiyidwa chingathe kuututa wonse kupita nawo pansi. M'nyengo yozizira ya ku Limbe kuwola kumachedwerapo, kotero banja liyembekezere masabata 10 mpaka 12, ndipo zidutswa za zitsononkho zomwe zatsalira zisefedwe n'kusungidwa, chifukwa zadzaza kale ulusi ndipo ndizo mbewu ya mulu wotsatira.

Kusamala umoyo

Si mafangayi onse omera pa mulu omwe ndi abwino kwa munthu. Nkhungu yotchedwa Aspergillus fumigatus imapirira kutentha ndipo imapezeka pafupifupi mu mulu uliwonse wa manyowa, ndipo ngakhale kuti munthu wathanzi savutika nayo, njere zake zikapumidwa zambiri zingathe kudwalitsa m'mapapo munthu wa mphumu, amene akudwala kapena anadwalapo chifuwa chachikulu, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika chifukwa cha HIV kapena matenda ena. Anthu oterewa asapatsidwe ntchito yotembenuza kapena kusefa manyowa. Wotembenuza awaze madzi kaye kuti fumbi lisauluke, amange nsalu kukamwa ndi kumphuno, aime mbali yomwe mphepo ikuchokera, ndipo akamaliza asambe m'manja ndi sopo, makamaka popeza mu mulu muli zitosi. Chimanga ndi mtedza wa chuku, zomwe zingakhale ndi poizoni wa afulatokisini wowononga chiwindi, zisagwiritsidwe ntchito ngati mbewu ya mulu ngakhale zitaoneka kuti zamera nkhungu yambiri. Tibowa tomwe timaphuka pa mulu, kawirikawiri totuwa ndi tosungunuka msanga, ndi chizindikiro chakuti kuwola kukuyenda, koma sitiyenera kudyedwa, ndipo ana auzidwe zimenezi momveka.

Kuthira m'munda ndi kuchuluka kwake

Manyowa akupsa amakhala akuda, ozizira, ofumbutuka ndi onunkhira dothi. Wokayika angathe kufesa njere khumi za mpiru kapena nyemba m'chitini chodzaza manyowawo osakaniza ndi dothi. Zikamera bwino ndi kukhala zobiriwira, manyowa apsa, koma zikalephera kapena kuchita chikasu, mulu udikire masabata ena awiri. Ngati apsa mvula isanayambe, asungidwe pa mthunzi atafunditsidwa, kuti dzuwa la mu Okutobala lisawaumitse ndipo mvula yoyamba isawatsuke.

Pa kuchuluka pafunika kunena zoona. Chimanga cha makono chimasiya mapesi olemera pafupifupi mofanana ndi chimanga chomwe chakololedwa, kotero banja lomwe lapata matumba 10 a makilogalamu 50 lili ndi mapesi pafupifupi makilogalamu 500, omwe pamodzi ndi masamba ndi zitosi angapereke manyowa a makilogalamu 300 kapena 400. Pa kabzalidwe ka mbewu imodzi pa phando, ka masentimita 75 pakati pa mizere ndi 25 pakati pa mapando, manyowa amenewa, akamathiridwa manja awiri pa phando, amakwana mapando pafupifupi 1,400, omwe ndi kamunda ka mamita 16 m'litali ndi m'lifupi. M'manyowa oterewa nayitirojeni amakhala pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100, pamene mu feteleza wa yureya muli magawo 46, kotero aliyense wonena kuti mulu umodzi ulowa m'malo mwa thumba la feteleza akunamiza anthu. Phindu lake lenileni lili poti amabwezera potaziyamu, fosiforasi ndi michere ina ing'onoing'ono, amafewetsa nthaka yofiira yolimba kuti imwe madzi m'malo mowathamangitsira kumunsi, amasunga chinyezi pa nthawi ya ng'amba, ndipo amachititsa kuti feteleza wochepa amene banja lakwanitsa kugula agwire ntchito bwino. Kuwamwaza mopyapyala pa munda wonse n'kuwataya. Ndi bwino kuthira mokwanira pa chigawo chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, kuyambira pamene nthaka yaguga kwambiri kapena pa bedi la ndiwo zamasamba lomwe limabweza ndalama msanga.

Manyowa athiridwe pa phando kapena m'kati mwa mzere sabata imodzi kapena ziwiri kubzala kusanachitike, ndipo akwiriridwe nthawi yomweyo. Banja lomwe limapanga feteleza wa Mbeya, uja wosakaniza madeya, phulusa, ndowe kapena zitosi ndi feteleza pang'ono n'kuzisunga masiku 21 m'thumba lokutira pulasitiki, lingagwiritse ntchito njira ziwirizi pamodzi, pakuti Mbeya amapereka chakudya chamsanga koma sathetsa nkhani ya mapesi, pamene manyowa a pa mulu amamanga nthaka pang'onopang'ono. Pa minda ya m'mbali mwa phiri manyowa okha sakwanira: mizere iyenera kudula motsata akalozera, m'malire mubzalidwe udzu wa vetiva, ndipo gawo lina la mapesi, makamaka omwe sanagwidwe ndi kapuchi kapena matenda a masamba, lisiyidwe losadula kuti lidzaphimbire nthaka pakati pa mizere mbewu ikamera.